Makhalidwe a Galu Amene Atisautsa, ndi Kumene Achokera

(Nkhani iyi inakambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ndi mnzathu amene anaphunzitsa zaka zambiri ku midzi ya ku Katete, ndipo pambuyo pake anasamutsidwira ku Lusaka. Taisindikiza monga anaikambira.)

Pamene ndinauza alembi athu kuti ndidzakamba za agalu, anaseka, nandifunsa ngati nkhani za masamu ndi za kawerengedwe zatha. Ndinawayankha kuti sizinathe, koma mwana amene walumidwa ndi galu pa njira ya kusukulu sachita masamu tsiku limenelo, ndipo ngati makolo ake sadziwa chochita, mwina sadzabweranso m'kalasi. Chotero mundilole ndikambe za chiweto chimene chigona pakhomo pathu tonsefe, koma chimene kawirikawiri sitichimvetsa.

Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiyambe nayo kuti ingatayike m'kati mwa nkhani. Makhalidwe ambiri a galu amene atisautsa, monga kuuwa, kuyendayenda, kuba ndi kuthamangitsa, ndiwo makhalidwe omwe aja amene makolo athu anamuwetera. Kumudzi makhalidwe amenewa ali ndi ntchito, koma tikamtengera galu pa malo opanikizika, ntchito ija isanduka mlandu. Ine ndinaphunzira zimenezi mochedwa, ndipo ndinaziphunzira ku Lusaka.

Dera la mafakitale

Ena a inu simunafike kumene ndikunenako, tsono ndiyambe ndakufotokozerani. Lusaka anakhala likulu la dziko m'chaka cha 1935, pamene boma linachoka ku Livingstone. Kumadzulo kwa msewu wa Cairo Road kuli dera la mafakitale akuluakulu lotchedwa Heavy Industrial Area. Msewu wa Mungwi Road upatuka pa Lumumba Road nudutsa pakati pake. Kumeneko kuli zigayo zazikulu, nyumba zosungiramo katundu, mosulira zitsulo ndi mabwalo oimikapo malole. Kumpoto kwake kuli Matero ndi George, kumwera kuli Kanyama, ndipo antchito ena achokera kutali, ku Chawama, ku Kalingalinga ndi ku Mtendere. M'mamawa kusanache anthu ambirimbiri adutsa m'tinjira ta pakati pa mipanda ya mafakitale, ndipo ana asukulu adutsa momwemo pofuna njira yachidule.

M'dera limeneli muli agalu a magulu atatu. Gulu loyamba ndi la agalu akuluakulu olondera mafakitale, amene atsekeredwa usana namasulidwa usiku. Gulu lachiwiri ndi la agalu a pakhomo m'makomboni, amene ali ndi eni ake koma alibe mpanda. Gulu lachitatu ndi la agalu a kudzala, odya zotayidwa pafupi ndi misika, amene ambiri a iwo anabadwira pakhomo pa munthu natayidwa. Mwana wopita kusukulu akhoza kukomana ndi magulu onse atatu asanalowe m'kalasi.

Galu wanga

Posamuka ku Katete ndinali ndi galu wamphongo, wofiirira, wa mchira wopindika, mtundu womwe uja muuona m'mudzi uliwonse. Monga mudziwa, kwathu dzina la galu likhala ndi uthenga wopita kwa anansi, ndipo ine ndinamutcha Adzanena. Kumudzi anali galu wotamandika. Ankapirikitsa apusi kumunda, ankatsagana ndi anyamata ku uzimba wa akalulu tchire litapsa, ndipo fisi akayandikira khola la mbuzi, mudzi wonse unkadzuka chifukwa cha iye. Sindinafune kumsiya. Tinakwera naye pa lole ya chimanga, ulendo wa makilomita pafupifupi 500, kufikira pa nyumba ya lendi imene ndinapeza ku George.

Mwezi usanathe, anansi ananenadi. Galu ankauwa usiku wonse. Anaba kapenta amene mayi wa nyumba yoyandikana nayo anayanika pa thumba. Anagwetsa munthu wa njinga amene ananyamula makala, ndipo ndinalipira. Kenaka anasowa masiku anayi, nabwera khutu litang'ambika. Ine ndinachita chimene ambiri tichita: ndinagula tcheni, ndinamumanga pa mtengo wa mango, ndipo akalakwa ndinkamkwapula. Zinthu zinaipiraipira, kufikira tsiku lina anadzumira mwana wanga yemwe, amene anakula naye.

Amene ananditsegula maso ndi mkulu wina wa ku Petauke, mlonda wa pa bwalo logulitsira matabwa, amene anakhala ndi agalu zaka zambiri. Atamva dandaulo langa anandifunsa kuti galuyo ankachita chiyani kumudzi. Nditamfotokozera, anandiuza kuti ine ndinamchotsa galu ntchito osamuuza, ndipo iye anali kugwirabe ntchito yake yakale pa malo amene sinali kufunika. Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsa ndi kuwerenga, ndipo zimene ndinapeza ndizo ndikupatsani tsopano.

Kuuwa

Dandaulo loyamba la mwini galu aliyense m'tauni ndi kuuwa kwa usiku. Tikumbukire kuti galu amva zimene ife sitimva. Akatswiri ayesa kukwera kwa mawu powerenga kuti mpweya unjenjemera kangati pa sekondi imodzi. Khutu la munthu lilekezera pafupi ndi 20,000, pamene la galu lipitirira 40,000. Kumudzi usiku uli zii, ndipo chilichonse choyenda pabwalo ndi nkhani yoyenera kudzutsira anthu. Ku komboni nyumba zili zogundana, antchito a usiku adutsa pakhomo nthawi iliyonse, malole alira kufikira mbandakucha. Kwa galu wa kumudzi, aliyense wa amenewa ndi mlendo wofunika kumnenera.

Palinso china. Munthu wodutsa pa njira, galu akamuuwa, apitirira ulendo wake, ndipo galu aganiza kuti wamthamangitsa ndi iye. Chotero usiku uliwonse aphunzira kuti kuuwa kupindula. Mwini wake akatsegula zenera ndi kukalipa, galu ayesa kuti mbuye wake wadzamthandiza, nawonjeza mawu.

Akulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo kuuwa nakonso kuli ndi chifukwa chake. Kuuwa kofulumira ndi kwa ukali kunena za mlendo. Kuuwa kwa apa ndi apo, kosalekeza, kunena kuti galu wasungulumwa, kapena ali ndi njala kapena ludzu. Kulira kwa huu kumene achita pomva wezulo wa pa fakitale ndi kuyankha chabe, monga agalu ayankhirana kutchire. Si malodza ayi. Mankhwala ake ndi awa: galu agone kuseri kwa nyumba, kutali ndi njira, adye madzulo, ayende ndi mwini wake tsiku ndi tsiku kuti atope, ndipo akauwa, mwini atuluke, aone, amtonthoze ndi liwu limodzi lomwelo masiku onse.

Kuyendayenda

Kusowa kwa Adzanena masiku anayi kunali ndi chifukwa chodziwika. Galu wamkazi afuna wamphongo pafupifupi kawiri pa chaka, ndipo nyengoyo itenga masabata ngati atatu. Amphongo amva fungo lake ali kutali, nasiya kudya, nakumba pansi pa mpanda, nasonkhana chigulu. Ndewu zambiri za agalu zichitika pa nyengo imeneyi, ndipo matenda apatsirana pomwepo. Bere la galu likhala masiku pafupifupi 63, ndipo wamkazi mmodzi akhoza kuswa ana oposa khumi pa chaka. Kumudzi tiagalu tipeza otitenga. M'tauni otenga achepa, ndipo totsala ndito tikulira kudzala.

Chithandizo chenicheni ndi kufula wamphongo ndi kutseka wamkazi kwa dokotala wa ziweto. Anthu ambiri aopa kuti galu wofula salondera. Ine ndinaona kuti alondera bwino koposa, pakuti akhala pakhomo m'malo mokagona ku komboni ina. Ku Lusaka kuli chipatala cha ziweto pa Samora Machel School of Veterinary Medicine ya University of Zambia, kulinso bungwe la Lusaka Animal Welfare Society. Inu a kumidzi mufunse ku ofesi ya za ziweto ya pa boma lanu.

Kuba ndi kutafuna

Galu wakhala ndi munthu zaka zoposa 14,000, ndipo akatswiri ambiri aganiza kuti chibwenzicho chinayambira pa zakudya zimene anthu ankataya m'mbali mwa misasa yawo. Kutola chakudya chosayang'aniridwa ndi khalidwe lake lakale kwambiri. Kumudzi adzipezera mbewa, makoko a nsima ndi gaga wa pamtondo. M'tauni chilichonse ndi chogula, ngakhale gaga amene, ndipo mwini galu aiwala kuti tchire lija linkamthandiza kudyetsa chiweto chake. Galu wakuba nthawi zambiri ndi galu wanjala. Adye kawiri pa tsiku pa nthawi yodziwika, akhale ndi madzi abwino pamthunzi, ndipo ndiwo ziikidwe pamene iye safika. Mafupa a nkhuku ophika musampatse, pakuti asweka mosongoka nalasa m'mimba.

Kagalu kotafuna nsapato ndi makope a ana kali ndi chifukwa china. Kayamba ndi mano 28 a ubwana, ndipo kuyambira miyezi itatu kapena inayi kufikira isanu ndi iwiri manowo aguluka, namera 42 a ukulu. Nkhama zinyerenyesa, ndipo kafuna chotafuna. Mukapatse chingwe chokhuthala kapena fupa lalikulu la ng'ombe, nsapato muzikweze.

Apa ndinene za cholakwa chimene ine ndinachita kwambiri. Ndikabwera kuchokera kusukulu ndi kupeza chinthu chitaonongeka, ndinkaitana galu, iye nabwera chokwawa, makutu atagona, mchira uli pakati pa miyendo. Ndinkati mumtima: taonani, akudziwa mlandu wake. M'chaka cha 2009 mayi wina wophunzira za agalu ku New York, Alexandra Horowitz, anayesa nkhani imeneyi. Eni agalu ankaletsa agalu awo kudya kanthu kena, natuluka m'chipinda. Pobwera ankauzidwa kuti galu wadya kapena sanadye, ndipo nthawi zina ankauzidwa zosiyana ndi zimene zinachitika. Chimene chinapezeka ndi chakuti agalu ankaonetsa nkhope ija ya manyazi pamene akalipiridwa, ngakhale amene sanalakwe konse. Nkhope ija ndi ya mantha. Ife aphunzitsi tiyenera kumvetsa msanga, pakuti tidziwa kuti mwana woweramitsa mutu pamaso pa mphunzitsi wokwiya si ndiye nthawi zonse anaswa zenera. Galu agwirizanitsa chilango ndi chimene akuchita pa nthawi yomweyo. Mukamkwapula madzulo chifukwa cha dzira limene anaba m'mawa, chimene aphunzira ndi kuopa kubwera kwanu.

Kuthamangitsa

Galu wa uzimba athamangira chilichonse chothawa. Njinga, njinga yamoto, nkhuku ya mnansi ndi mwana wothamanga akukuwa, zonsezi zidzutsa mwa iye chimene kalulu ankadzutsa. Nchifukwa chake mwana wothawa galu ndiye alumidwa, pamene woima chilili, manja atagunditsa m'thupi, maso atayang'ana kumbali, kawirikawiri angonunkhizidwa nasiyidwa. Mwana akagwetsedwa, adzipinde ngati mwala, nabise nkhope ndi khosi ndi manja ake. Galu wotere asamasulidwe pa nthawi imene ana apita kusukulu kapena kuweruka.

Mtundu wa galu ndi kaleredwe kake

Agalu olondera mafakitale ambiri ndi a mitundu yochokera kunja, ndipo anthu a m'makomboni asirira nagula ana ake. German Shepherd anakhazikitsidwa ku Germany ndi Max von Stephanitz mu 1899 kuti aziweta nkhosa. Boerboel ndi galu wolondera mafamu a ku South Africa. Rhodesian Ridgeback, amene malamulo a maonekedwe ake analembedwa ku Bulawayo mu 1922, anali wa alenje a nyama zazikulu. Onsewa ndi agalu a malo otakasuka ndi a ntchito ya tsiku lonse, ndipo adya kwambiri. Kuika wotere pa kabwalo ka mapazi khumi ndi kudziitanira mavuto.

Komabe tisaike mlandu wonse pa mtundu. Mu 2022 akatswiri a ku America, atafufuza za agalu oposa 18,000, anapeza kuti mtundu ufotokoza magawo 9 okha pa 100 a kusiyana kwa makhalidwe pakati pa galu ndi mnzake. Kaleredwe kali ndi mbali yaikulu. John Paul Scott ndi John Fuller, m'buku lawo la mu 1965, anaonetsa kuti kagalu kazolowera anthu makamaka pakati pa masabata atatu ndi khumi ndi awiri a moyo wake. Kamene sikanaone ana, alendo ndi ziweto pa nyengo imeneyo kakula ndi mantha ovuta kuchotsa. M'mera mpoyamba.

Tsono taganizani za mwambo umene wafala, wotsekera kagalu m'bokosi la mdima kuti kasaone munthu, ndi kukadyetsa tsabola kuti kakhale kaukali. Chotuluka m'bokosimo ndi galu wamantha, wosasiyanitsa mbala ndi mlendo, kapena mlendo ndi mwana wa pakhomo. Tcheni chachifupi chichitanso chimodzimodzi. Galu womangidwa usana ndi usiku sangathawe chimene achiopa, ndipo chimtsalira ndi mano okha. Ndicho chinachitika kwa Adzanena pa mtengo wa mango uja.

Kuluma

Galu wabwinobwino saluma osachenjeza. Ayamba ndi kuyang'ana kumbali, kunyambita milomo ndi kuyasamula. Kenaka thupi liuma gwa, ubweya wa pamsana uima, adzuma, naonetsa mano. Kugwedeza mchira sikutanthauza chikondi nthawi zonse. Mchira woimirira, wogwedezeka mouma, ndi chenjezo. Wokwapula galu chifukwa chodzuma amphunzitsa kuluma osachenjeza. Ana adziwe kuti galu sakhudzidwa pamene akudya, pamene ali m'tulo, pamene akuyamwitsa, pamene wavulala, ndi pamene ali womangidwa. Asamgende, ndipo asapise dzanja pa mpanda wa fakitale.

Tsopano ndifike pa chimene chandiimika pano. M'kalasi langa la giredi 4 munali mtsikana amene ankapititsa chakudya kwa bambo ake ku ntchito, ndipo ankadutsa njira yachidule imene amayi ake anamletsa. Tsiku lina galu wosadziwika anamluma pa katumba. Bala linali laling'ono, ndipo mwanayo analibisa ndi sokosi poopa kukwapulidwa. Mnzake ndiye anandinong'oneza m'mawa mwake. Tinatsuka balalo, ndinaitana amayi ake, tinapita naye kuchipatala, ndipo analandira jekeseni zonse. Lero ndi munthu wamkulu. Koma ndikaganiza kuti moyo wake unadalira pa kunong'ona kwa mwana mnzake, thupi lichita tsembwe.

Chiwewe

Matenda amene tinkaopa ndi chiwewe. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, liyerekeza kuti chiwewe chipha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo achitenga kwa agalu. Mwa anthu khumi olumidwa ndi nyama yoganiziridwa chiwewe, anayi ndi ana osafika zaka 15, ndiwo ana a m'makalasi athu. Kachirombo kake kali m'malovu a galu wodwala. Kalowa pa bala, kayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kufikira ku ubongo. Nthawi zambiri papita miyezi iwiri kapena itatu zizindikiro zisanaoneke, koma zikhoza kuoneka patapita sabata imodzi, kapena kuchedwa kufikira chaka. Bala lipola, anthu aiwala, ndipo pamene wodwala ayamba kuopa madzi, mankhwala salinso ndi mphamvu. Koma zizindikiro zisanayambe, katemera ateteza ndithu. Louis Pasteur wa ku France anayamba kuonetsa zimenezi pa 6 Julayi 1885, pamene anapatsa katemera mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, ndipo mnyamatayo anakhala ndi moyo.

Galu wa chiwewe adziwika ndi kusintha kwa khalidwe. Wofatsa asanduka waukali, aluma mitengo ndi miyala, ayenda osadziwa kumene apita. Wina sachita ukali konse: angofooka, chibwano chilendewera, dovu lituluka, mawu asintha. Wotereyu anyenga anthu, pakuti ayesa kuti fupa lamkola pakhosi napisa dzanja m'kamwa mwake. Musatero, ndipo muuze ana kuti asatero.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, choyamba ndi kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 zathunthu. Chachiwiri ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo, ndi kumaliza jekeseni zonse pa masiku amene achipatala anena. Chachitatu ndi kuuza a za ziweto. Ngati galu ali ndi mwini wake ndipo aoneka wabwino, atsekeredwe pabwino ndi kuyang'aniridwa masiku khumi, pakuti galu amene anali ndi kachirombo m'malovu pa tsiku limene analuma adwala kapena kufa masikuwo asanathe. Koma wolumidwa asadikire masiku khumiwo kuti apite kuchipatala. Ndidziwa kuti m'midzi ina apaka pa bala ubweya wa galuyo wootcha. Tinene kwa makolo mwaulemu kuti phulusa silifika kumene kachirombo kapita.

Lamulo la Zambia lotchedwa Control of Dogs Act, Chapter 247, lifuna kuti galu alembetsedwe, abayidwe katemera wa chiwewe, ndipo asangoyendayenda. Mwini galu asunge kalata ya katemera, pakuti tsiku limene galu wake adzaluma mwana wa mnansi, kalatayo idzachepetsa mantha ndi mlandu womwe.

Gawo la mphunzitsi

Mwina wina afunsa kuti za ku Lusaka zimkhudza bwanji mphunzitsi wa kumudzi. Zimkhudza pawiri. Ana amene muwaphunzitsa lero, ambiri adzapita kwa abale awo ku Kanyama ndi ku Matero pa tchuthi, ena adzakagwira ntchito m'mafakitale omwewo, ndipo ena adzanyamula galu pa lole monga ndinachitira ine. Ndiponso chiwewe chili kumidzi komwe, kumene chipatala chili kutali ndipo kuchedwa kuli kwapafupi.

Kuti matendawa athe pa dera, pafunika kuti agalu asanu ndi awiri mwa khumi alionse abayidwe katemera. Zimenezi ndi zotheka. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi a za ziweto a boma la Malawi, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 a ntchito, ndipo linalowanso m'masukulu kuphunzitsa ana. Chaka chomwecho mabungwe a dziko lonse anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhale munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Tsiku la 28 Seputembala, limene Pasteur anamwalira mu 1895, ndi tsiku lokumbukira za chiwewe chaka chilichonse.

Chotero ndikupemphani zinthu zinayi. Choyamba, teremu iliyonse mupatule phunziro limodzi la galu, ndipo lichitike pabwalo: mwana mmodzi akhale galu, ena ayeseze kuima chilili ndi kudzipinda, kufikira thupi lizolowere. Chachiwiri, mulonjeze pamaso pa sukulu yonse kuti mwana wolumidwa sadzalangidwa, ngakhale anali pa njira yoletsedwa, ngakhale anagenda galuyo ndi iye, ndipo mupemphe makolo kuti alonjeze chimodzimodzi. Chachitatu, mu ofesi mukhale sopo ndi ndowa zosungira ntchito imeneyi. Chachinayi, pa phunziro la masamu ana awerenge agalu a m'midzi yawo, obayidwa ndi osabayidwa, apeze kuti magawo 70 pa 100 ndi agalu angati, ndipo chiwerengerocho mupite nacho kwa mfumu ndi kwa a za ziweto, ndi kupereka bwalo la sukulu kuti likhale pobayira katemera. Agalu ambiri a kumudzi amvera anyamata koposa akulu, ndipo ndi anyamatawo amene adzawabweretsa.

Ena mufuna kudziwa kuti Adzanena anatha bwanji. Ndinamasula tcheni, ndinamanga kampanda ka matabwa otsala amene mlonda uja anandipezera, ndinapita naye kukafula ndi kukabayitsa katemera. Madzulo alionse, nditatha kuchonga makope, tinkayenda naye pa chingwe kufikira kumapeto kwa komboni ndi kubwerera. Kuba kunatha, kusowa kunatha, ndipo mwana wanga anayambanso kusewera naye. Njinga sanaleke kuziyang'ana ndi diso la mlenje, ndipo wezulo wa pa fakitale anamuyankha m'mawa uliwonse kufikira ukalamba wake. Zimenezo ndinazilandira, pakuti walira mvula walira matope. Amene afuna mlonda wa miyendo inayi ayambe wawerenga chakudya, malo ndi nthawi imene ali nayo, ndipo ngati sizikwana, ndi bwino galuyo atsale kumudzi kumene ntchito yake ili.

A Pampando, ndatha. Ngati alipo a mafunso, kapena amene anaona zosiyana ndi zimene ndanena, ndidzakondwera kumva.